Kodi mumadziwa? Gavanala amene anachotsedwa ntchito atangokweza chiwongoladzanja

Ku Turkey, pakati pa July 2019 ndi March 2021, Pulezidenti Recep Tayyip Erdoğan anachotsa magavanala atatu a banki yaikulu ya dzikolo. Wachitatuyo, Naci Ağbal, sanathe ngakhale miyezi isanu ali pampando.

Ağbal anapeza ndalama ya lira ikutha mphamvu ndipo mitengo ya zinthu ikuthamanga. Anachita zimene akadaulo ambiri a zachuma akanachita: anakweza chiwongoladzanja kuchoka pa 10.25 peresenti mpaka 19 peresenti, kuti ngongole idule, ndalama zichepe m'manja mwa anthu, mitengo ikhazikike. Anakweza komaliza Lachinayi pa 18 March 2021. Pofika Loweruka m'mamawa, chikalata cha pulezidenti chinali chitatuluka kale chomuchotsa. Misika itatsegulidwa Lolemba, lira inagwa kwambiri.

Erdoğan ankakhulupirira kuti chiwongoladzanja chokwera ndicho chimakweza mitengo. Wolowa m'malo mwa Ağbal, Şahap Kavcıoğlu, anachitsitsa mpaka 8.5 peresenti. Mu October 2022 mitengo inali itakwera ndi 85 peresenti poyerekeza ndi chaka chapitacho. Chomvetsa chisoni n'choti amene anazimva kwambiri ndi anthu wamba: mu Istanbul, nkhalamba zolandira penshoni zinkaima pamizere italiitali m'nyengo yozizira, kudikira buledi wotsika mtengo pa timashopu ta khonsolo.

Mosiyana ndi zimenezi, ku America mamembala asanu ndi awiri a bodi ya banki yaikulu ya dzikolo, Federal Reserve, amapatsidwa zaka 14, mwadala, kuti nthawi yawo ipitirire ya pulezidenti amene anawasankha.