Ngongole ya ku Yunivesite kwa Ophunzira a ku Chiradzulu Amene Makolo Awo Alekana

Bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015 ndipo likulu lake lili ku Lilongwe, ndilo limabwereketsa ndalama za boma kwa ophunzira osowa amene apeza malo m'sukulu zaukachenjede zovomerezedwa ndi National Council for Higher Education, kaya ndi zaboma kapena zoima pazokha monga Catholic University of Malawi ya ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, yomwe inatsegulidwa mu 2006. Thandizoli ndi ngongole yoti wophunzira adzabweze akamaliza sukulu, ndipo popeza opempha amachuluka kuposa ndalama zimene zilipo, bungweli limayamba launika kapezedwe ka makolo kapena omulera wopemphayo lisanamupatse kanthu.

Kauniuni ameneyu amadalira zikalata, pamene maukwati ambiri a m'midzi ya ku Chiradzulu amatha popanda chikalata chilichonse. Alomwe, Ayao ndi Amang'anja a m'bomali amatsata chikamwini, mwambo umene mwamuna amakakhala kumudzi kwa mkazi ndipo ana amawerengedwa kuchikazi, kotero kuti banja likasokonekera nkhani imakambidwa ndi ankhoswe, omwe ndi mboni ndi alangizi a ukwatiwo a mbali zonse ziwiri, kenako mwamuna amatenga katundu wake n'kubwerera kwawo. Ana amatsala ndi mayi awo pansi pa mwinimbumba, amene kawirikawiri amakhala mlongo wa mayiwo, koma masiku ano atsibweni otere ali ndi ana awoawo ofunanso fizi. Mwana wamasiye amatha kuonetsa chikalata cha imfa ya kholo lake, pamene mwana wa banja lotha amaoneka papepala ngati ali ndi makolo onse awiri, mwinanso bambo ali pa ntchito ku Limbe kapena ku Johannesburg, ngakhale kuti ndalama zawozo zikulera banja lina.

Malamulo a dziko sakhululukira kholo lotere. Gawo 23 la Malamulo Aakulu limapatsa ana ufulu wolandira chisamaliro choyenera kwa makolo awo, kaya ali pabanja, sanakwatirane, kapena anasudzulana, ndipo lamulo la maukwati la Marriage, Divorce and Family Relations Act la mu 2015 limavomereza ukwati wa chinkhoswe mofanana ndi wa kutchalitchi kapena wa kwa DC. Bwalo la majisitireti lili ndi mphamvu zothetsa ukwati wa chinkhoswe ndi kulamula kholo kuti lizipereka ndalama zolerera ana. Pali mfundo imodzi yovuta: kuyambira mu 2017 Malamulo Aakulu amati mwana ndi munthu wosakwana zaka 18, pamene ambiri olowa yunivesite amakhala atapitirira msinkhu umenewu, komabe lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la mu 2010 limalola bwalo kupitiriza chigamulo cha chisamaliro ngati mwanayo akadali pa maphunziro. N'chifukwa chake mayi amene akuthetsa banja mwana ali ku sekondale amachita bwino kupempha kuti nkhani ya sukulu ilembedwe m'chigamulo nthawi yomweyo, ndipo wosowa ndalama zolipira loya akhoza kupita ku Legal Aid Bureau, nthambi ya boma yoimirira anthu osauka pa milandu.

Chigamulo cha bwalo chimagwira ntchito pawiri, pakuti chimakakamiza kholo kulipira, ndiponso kholo likapanda kulipira chimasanduka umboni wooneka wa mmene banjalo lilili. Kumene nkhani sinafike ku bwalo, kalata ya nyakwawa ndi ya ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya pa Boma, yofotokoza nthawi imene makolo analekana ndi amene akulera wophunzirayo, ndiyo imayandikira umboni wotere, ndipo imafunika kukonzedwa bungwe la ngongole lija lisanalengeze nthawi yolembetsa, popeza kulembetsako kumachitika pa intaneti ndipo kumakhala ndi tsiku lotsekera. Ophunzira ena amayesedwa kulemba kuti bambo awo anamwalira pofuna kufupikitsa njira, koma limeneli ndi bodza limene lingathe kuwamanitsa ngongole ndi kuwaika pa mlandu, pakuti pempho ndi ngongoleyo zimakhala m'dzina la wophunzira mwiniwake, amenenso adzabweze ndalamazo podulidwa pa malipiro ake akadzayamba ntchito.