Kumene fumbi siligwa pansi

M'nyumba zathu fumbi ukalisiya limatsika lokha n'kudikira tsache. Mu International Space Station, chombo chomwe chimazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kumwamba, zimenezo kulibe. Nyenyeswa za chakudya, ulusi wothothoka ku zovala, tsitsi ndi mfundu zimangoyandama mpaka zitalowa m'diso, m'mphuno kapena m'makina. Zenera nalo sungatsegule.

N'chifukwa chake mafani amakoka mpweya usana ndi usiku kuti udutse m'masefa otchedwa HEPA. Sefa yotere iyenera kugwira 99.97 peresenti ya tinthu ta ma micron 0.3, tochepetsetsa kuposa mabakiteriya ambiri. Kutsogolo kwake kuli kaukonde kokola zinyalala zokulirapo, ndipo mlungu uliwonse okhala m'chombomo amakayeretsa ndi makina oyamwa fumbi. Ndi anthu ophunzira kwambiri, koma kusesa sakuthawa.

Funso losautsa akatswiri ndi lakuti: sefa imatha liti? Kuiyang'ana ndi maso sikuthandiza. Sefa yakuda imatha kugwirabe fumbi bwino lomwe, mwinanso kuposa yatsopano, poti timabowo take tachepa. Vuto n'lakuti mpweya umadutsa movutikira, fani imalemedwa, ndipo m'makona mwa chombo mpweya umayamba kuima. Pofuna kudziwa zoona zake, bungwe la NASA linabweza ena mwa masefa ogwiritsidwa kale ntchito n'kukawayeza ku Glenn Research Center mumzinda wa Cleveland. Kumeneko amauzira m'sefa tinthu todziwika kukula kwake, n'kuwerenga tomwe talowa ndi tomwe tatulukira kuseri. Amayezanso mphamvu imene mpweya ukufunika kuti udutse. Kusintha sefa msanga n'kutaya ndalama, pakuti kilogalamu iliyonse yokwezedwa kumwambako ndi yodula zedi. Kuchedwa nako n'kuseweretsa mapapo a anthu.

Komabe fumbi ndi mdani wamng'ono. Wamkulu amatuluka m'kamwa mwa anthu eni ake: mpweya wa carbon dioxide. Popanda fani, umaunjikana pankhope ya munthu wogona, ndipo amadzuka mutu ukuwawa.

Mu Epulo 1970, thanki ya okosijeni itaphulika m'chombo cha Apollo 13 paulendo wa kumwezi, a Jim Lovell, a Jack Swigert ndi a Fred Haise anathawira m'kachombo kotera pamwezi, Aquarius, komwe kanapangidwira anthu awiri kwa masiku awiri okha. Zitini za lithium hydroxide zoyamwa mpweya woipawo zinayamba kukhuta. Zina zinalipo m'chombo chachikulu, koma zinali zamakona anayi pomwe malo ozilowetsa mu Aquarius anali obulungira. Ku Houston, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi a Ed Smylie linalumikiza chitini ndi paipi pogwiritsa ntchito thumba la pulasitiki, katoni ndi tepi, zinthu zokhazo zomwe zinali m'chombomo. Anayamba achiyesa pansi pano asanawauze anzawowo kapangidwe kake pa wailesi. Onse atatu anatera amoyo pa 17 Epulo.

Chitini chotere chikakhuta, chatha ntchito. Choncho makina a mu International Space Station, otchedwa CDRA, amagwiritsa ntchito timibulu ta zeolite: timayamwa mpweyawo, kenako timatenthetsedwa n'kuulavulira kunja, n'kuyambiranso. Pa pepala zimaoneka ngati sizingathe. Koma timibuluto timaperepeseka pang'onopang'ono, ndipo fumbi lake lakhala likutseka mavavu a makina omwewo. Makina atsopano, Four Bed CO2 Scrubber, anatumizidwa kumeneko mu 2021 kuti akayesedwe akugwira ntchito yeniyeni.

International Space Station ili pafupi ndi dziko, moti chinthu chikawonongeka china chimabwera pa ulendo wotsatira wa katundu. Ulendo wa ku Mars umatenga miyezi yoposa isanu ndi umodzi kupita kokha, ndipo sefa iliyonse yofunika panjira iyenera kuwerengedwa ndi kulongedzedwa chombo chisananyamuke.