Mawu a Ophunzira pa Nthawi ya Mliri

Bungwe la ophunzira ndilo gulu limene ophunzira a pa sukulu ya ukachenjede amadzisankhira okha, kuti liziwayankhulira pamaso pa akuluakulu a sukuluyo. Pa masiku a mtendere milandu yake imakhala ya chakudya, malo ogona ndi ngongole za fizi. Koma mliri ukagwa ntchitoyo imalemera, pakuti zinthu zimagamulidwa mofulumira, ndipo ogamulawo kawirikawiri sapeza mpata wofunsa eni ake a maphunzirowo.

Zinatero m'chaka cha 2020. Pa 20 Malichi Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha Covid-19, ndipo pa 23 Malichi sukulu zonse zinatsekedwa, kuyambira za pulayimale kufikira za ukachenjede. Nthawi imeneyo nthendayo inali isanapezeke m'Malawi muno; odwala oyamba analengezedwa pa 2 Epulo. Tsono ophunzira ena a zamalamulo a ku Chancellor College anakadandaula ku bwalo lalikulu la milandu ku Zomba, nati kutsekako kukuphwanya ufulu wa maphunziro umene uli m'ndime 25 ya malamulo aakulu a dziko. Bwalo linakana pempho lawo, poona kuti kuteteza moyo kunali chifukwa chokwanira.

Mlandu unatha, koma dandaulo silinathe. Njira imene inatsala yopitirizira maphunziro inali ya intaneti, ndipo apa mpamene panali posamvana penipeni pakati pa ophunzira ndi oyang'anira awo. Woyang'anira, amene ali ndi magetsi ndi kompyuta mu ofesi yake, amaona kuti akatumiza phunziro ndiye kuti laphunzitsidwa. Wophunzira wa ku Mua, amene anakwera basi ku Zomba, nadzera ku Liwonde ndi ku Balaka, natsikira pa msewu wa ku Salima atapitirira Golomoti, amaona zina. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba zounikira magetsi m'dziko lonse zinali pafupifupi 11 mwa 100 zilizonse, ndipo zambiri mwa izo zinali za m'tauni. Mnyamata woteroyo amayenera kupita pa malo a malonda kukalipira kuti foni yake ilowe moto, kenaka kugula mayunitsi ndi ndalama imene makolo ake akadagulira mchere ndi sopo, ndiyeno kufunafuna pamene mafunde akugwira bwino. Mtsikana mnzake, pobwerera kwawo, amapeza mtondo ndi ndowa zikumudikira. Zimenezi sizioneka m'kaundula wa sukulu. Zimadziwika pokhapokha wina akazinena, ndipo wozinena woyenera ndiye bungwe la ophunzira, ngakhale nalonso linali lobalalika m'midzi.

Ana a pulayimale nawo anapatsidwa maphunziro a pa wayilesi. Nzeruyo inali yabwino ndithu, komatu pa Mua pali sukulu ya ana osamva, ndipo wayilesi siingathandize mwana wotere.

Sukulu zinayamba kutsegulidwa pa 7 Seputembala 2020, poyamba kwa okonzekera mayeso, ndipo ena onse anatsatira pa 12 Okutobala. Mu Januwale 2021 mliri unabweranso ndi ukali woposa, nutenga nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, tsiku limodzi, ndipo sukulu zinatsekedwanso. Pamene zinati zitsegulidwe pa 22 Febuluwale, amene anadandaula tsopano anali aphunzitsi: bungwe lawo la Teachers Union of Malawi linaitanitsa sitiraka, pofuna ndalama ya chiopsezo monga imene ogwira ntchito m'zipatala ankalandira. Ana a pulayimale, amene alibe bungwe lowayankhulira, anatuluka m'misewu m'madera angapo atavala yunifolomu, kupempha kuti aphunzitsi awo abwerere m'kalasi.