Kodi mumadziwa? Likoma, chilumba cha Malawi m'madzi a Mozambique

Ife a ku Kafue Estates tikamva za tchuthi cha kunyanja, maganizo amathamangira ku Siavonga. Koma kum'mawa kwathu, pa Nyanja ya Malawi, kuli chilumba cha mbiri yozama.

• Likoma ndi gawo la dziko la Malawi ngakhale lazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 18, ndipo mnzake ndi chilumba chaching'ono cha Chizumulu.

• Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA anamangapo likulu lawo m'zaka za m'ma 1880. Kukhazikika kwawo n'kumene kunachititsa kuti chilumbachi chikhale m'manja mwa Angerezi osati Apwitikizi.

• Tchalitchi chachikulu cha St Peter's anayamba kuchimanga mu 1903 ndipo anachipatula mu 1911. Chinamangidwa pa Chipyela, pomwe kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti.

• Bishopu wa amishoniwa, Chauncy Maples, anamira m'nyanjayi mu 1895. Sitima yotchedwa dzina lake inayamba kuyenda mu 1901.

• Lero alendo amafikira ku malo ogona monga Kaya Mawa ndi Mango Drift. Amasambira m'madzi oyera mbee, kuonerera nsomba za mbuna zamawangamawanga pakati pa miyala, n'kupumula pamthunzi wa milambe.

Kukafika ku Likoma n'kotheka pa ndege yaing'ono kapena pa sitima ya Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira mu 1951.