Galu wamkota akayamba kutsimphina

DOMWE, Angonia — Mwezi wa Juni ukalowa, mphepo yotsika m'phiri la Domwe, limene kutalika kwake kumapitirira mamita 2,000, sisankha munthu kapena chiweto. M'mawa agogo amadandaula mawondo. Pakhonde napo galu wamkota, amene kale ankayamba ndiye kudzuka ng'ombe zikamatuluka m'khola, amadzuka movutikira, kuima kaye, kenaka n'kuyamba kuyenda motsimphina. Dzuwa likakwera amaoneka ngati wachira. Mawa lake ndi chimodzimodzi.

Ambiri amangoti wakalamba, watha ntchito. Koma akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Iyeyu ndiye amadziwa fungo la fisi ndi mapazi a wakuba usiku, ndipo kuno ku Angonia khola lopanda mlonda silichedwa kuphwasuka.

Nthendayi ndi nyamakazi, yonga ya anthu yomwe. Pamene mafupa awiri akumana, monga m'chiuno, m'bondo ndi m'chigongono, nsonga zake zimakutidwa ndi kamnofu kosalala kuti mafupawo asamakhulane. Kamnofuka kakaperepeseka sikameranso. Ukalamba umakadya, komanso mabala akale: mwala umene anagendedwa nawo ali mwana, msampha wa ku uzimba, njinga yamoto imene inamuomba pamsewu. Choncho nyamakazi siichizika kwatunthu. Chimene chimatheka ndi kuchepetsa ululu, ndipo galu wosamalidwa angathe kulondera pakhomo zaka zina ndithu.

Pamenepa ndi pamene eni agalu achifundo amalakwitsa. Munthu amaona galu wake akuvutika, natenga mapiritsi amene iye amamwa msana ukamapweteka, n'kuwabisa mu nsima. Brufen, amene dzina lake lina ndi ibuprofen, pamodzi ndi diclofenac ndi indocid, kwa galu ndi poizoni. Thupi la galu silitulutsa msanga mankhwalawa monga lichitira la munthu. Amaboola zilonda m'mimba ndi kuononga impso. Galu amayamba kusanza, kukana chakudya, ndipo chimbudzi chake chimada bii ngati phula chifukwa cha magazi. Galu wamng'ono angathe kudwala ndi piritsi limodzi lokha. Panado nayenso akachuluka amaononga chiwindi, ndipo mphaka ndiye amamupha ndithu.

Mankhwala oyenera agalu alipo. Odziwika kwambiri ndi meloxicam ndi carprofen, amene amachepetsa kutupa ndi ululu. Awa si ogula pathebulo kumsika. Muyeso wake umatsata kulemera kwa galu, kotero kuti ndi bwino kumuyeza kaye, ngakhale pasikelo ya mbatata. Amaperekedwa pamodzi ndi chakudya, galu ali ndi madzi akumwa okwanira, ndipo akayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba amalekezedwa pomwepo. Saphatikizidwa ndi prednisolone kapena dexamethasone. Jekeseni yotsala ya ng'ombe nayo isamabayidwe galu mongoganizira. Woyenera kufunsidwa ndi mlangizi wa ziweto, kapena a ku ofesi ya SDAE ku Ulongwe, amene amayang'anira za ulimi ndi ziweto m'bomali.

Maiko a ku Ulaya anavomereza mu 2020 jekeseni ina yotchedwa Librela, yobaya kamodzi pamwezi. Imafuna firiji ndi thumba lolemera, ndiye kwa mlimi wa ku Domwe ndi nkhani yongomva.

Zambiri zothandiza sizilira metikali ndi imodzi yomwe. Galu wa nyamakazi asagone pansi pozizira kapena pachinyezi. Ziguduli ziwiri zoyala pa udzu wouma, pakona posawomba mphepo, zimasintha kadzukidwe kake m'mawa. Asiye kuthamangira ngolo mpaka kumsika, asiyenso uzimba. Komabe kumumangirira pamtengo tsiku lonse n'kulakwanso, chifukwa miyendo yosayenda imauma ndipo minofu imafota. Kuyenda pang'ono tsiku lililonse, pamalo osakwera, ndiko kumamukomera. Zikhadabo zikatalika zidulidwe, popeza galu wosayendayenda sizimaperepeseka zokha.

Madokotala a m'mizinda amalimbikira kunena kuti galu achepetse thupi, ndipo n'zoona: ku America anayesa agalu 48, zotsatira zake n'kutuluka mu 2002, ndipo amene ankapatsidwa chakudya chocheperako anachedwa kudwala nyamakazi, nakhala ndi moyo pafupifupi zaka ziwiri kuposa anzawo. Koma galu wonenepa kumudzi kuno ndi wosowa. Wakuno vuto lake ndi kuonda, pakuti amakhalira gaga ndi makoko a nsima basi. Mitu ya usipa ndi zotsala za matemba, zotsukuluza mchere, zimamubwezera minofu yogwira mafupa, ndipo mafuta a nsomba amathandizako pa kutupa.

Koma si galu aliyense wokoka miyendo amene ali ndi nyamakazi. Matenda obwera ndi nkhupakupa nawo amaumitsa thupi, koma iwo amadza ndi kutentha thupi ndi usinini woyezuka. Choopsa koposa ndi chiwewe. Nyamakazi imabwera pang'onopang'ono, kwa miyezi, ndipo galu amadyabe ndi kuzindikira mbuye wake. Chiwewe chimafooketsa miyendo yakumbuyo m'masiku owerengeka, galu amatuluka dovu, amalephera kumeza, mawu ake amasintha, ndipo si nthawi zonse pamene amalusa. Ena amangokhala duu. Galu wotere asagwidwe pakamwa pofuna kumumwetsa chilichonse, ana asamuyandikire, atsekeredwe ndipo anyakwawa ndi alangizi auzidwe msanga. Munthu akalumidwa, kapena dovu likamugwera pachilonda, atsukepo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka apite kuchipatala tsiku lomwelo kukafunsa katemera, osadikira kuti aone kaye m'mene galuyo athere.