Pepala la girinihausi likuthetheka msanga? Funsani za UV musanagule

Ambiri mwa inu amene mukulima tomato kapena kufesa mbande m'girinihausi mumadandaula chinthu chimodzi: pepala la pulasitiki lomwe munagula ndi ndalama zankhaninkhani silimaliza ndi chaka chomwe. Limayamba chikasu, kenako limauma gwa, mphepo ikangoomba lang'ambika. Musanamizire mphepo. Iyo imangomalizitsa ntchito yomwe dzuwa linayamba kale.

M'kuwala kwa dzuwa muli cheza chosaoneka ndi maso chotchedwa UV, chomwe chija chimapsereza khungu la abale athu achialubino. Pulasitiki ndi timaunyolo tating'onoting'ono tolukanalukana, ndipo chezachi chimadula timaunyoloti tsiku ndi tsiku mpaka pepala kufooka.

Pofuna kuliteteza, opanga amasakaniza mankhwala m'pulasitiki akadali wosungunuka. Ena mwa mankhwalawa ndi zinc oxide ndi titanium dioxide, omwenso amapezeka m'mafuta oteteza khungu ku dzuwa. Masiku ano amatha kuwapanga timibulu tochepetsetsa, moti timibulu mazanamazana titandandalikidwa sitingapose kunenepa kwa tsitsi limodzi. Kuchepaku ndiye nzeru yake: timibuluti timameza UV koma kuwala komwe mbewu zimafuna kumadutsa. Zikanakhala zikuluzikulu, pepala likanayera ngati laimu, mbewu n'kumakhala mumthunzi.

Komatu si titanium dioxide aliyense amateteza. Mtundu wina, ngati sanaukute bwino kufakitale, ukawombedwa ndi dzuwa umafulumizitsa kuwonongeka kwa pulasitiki yemweyo. Choncho iyi si ntchito yoti mungachite nokha pakhomo popaka kanthu pamwamba. Chitetezo chimalowa pepala likamapangidwa, basi.

Mphamvu yanu ili pogula. Funsani wogulitsa ngati pepalalo ndi lotetezedwa ku UV, akuonetseni pomwe palembedwa, komanso akuuzeni zaka zomwe opanga alonjeza. La girinihausi nthawi zambiri limakhala lochindikala mamaikuloni 200. Pepala loyera lomwe amagulitsa kwa omanga nyumba ndi lotsika mtengo, inde, koma silinapangidwire kukhala padzuwa, ndipo mudzabwereranso kusitolo musanabweze ndalama zanu.

Mukalipeza labwino, lisamalireni. Pomwe pepala lagunda chitsulo ndi pomwe limayambira kuthetheka chifukwa chitsulo chimatentha kwambiri, ndiye pakanipo penti woyera wosungunula ndi madzi kapena kulungani chitsulocho ndi nsalu. Likokeni lilimbe kuti lisamakupizike. Popopera mankhwala, makamaka okhala ndi salufa kapena kolorini, onetsetsani kuti asafike papepala poti amafooketsa zina mwa zoteteza zija. Lotsala musalisiye pabwalo. Lipindeni mulisunge m'nyumba.

Kwa inu olima nkhaka ndi mbewu zina zodalira njuchi, dziwaninso kuti njuchi zimaona UV ndipo zimasokonezeka pansi pa pepala lotsekereza cheza chonse. Muuzeni wogulitsa mbewu yomwe mukufuna kulima asanakudulireni pepala.