Zipangizo Zovala Pathupi Zoyeza Kutentha kwa Odula Nzimbe

Ku Chichigalpa, m'dziko la Nicaragua, kuli mudzi umene anthu adautcha Chilumba cha Akazi Amasiye. Amuna ambiri a kumeneko, amene ankadula nzimbe, adatha ndi nthenda ya impso ngakhale kuti analibe matenda a shuga. Akatswiri ambiri akuti gwero lalikulu la nthendayi ndi ntchito yakalavulagaga ya padzuwa loswa mtengo, thupi likutha madzi tsiku ndi tsiku.

Vuto la kutentha ndi lakuti kumabisala m'kati mwa thupi. Mu 1969 bungwe la WHO lidalangiza kuti thupi la wogwira ntchito yolemetsa lisapitirire madigiri 38. Likafika pa 40, munthu atha kukomoka ngakhale kufa kumene.

Pofuna kudziwa zochitika m'thupimo, ofufuza ku Nicaragua ndi ku El Salvador akhala akuveka antchito lamba wa pachifuwa wowerenga kugunda kwa mtima. Ena amamezetsedwa kapiritsi kamene kamayeza kutentha kali m'matumbo, n'kumatumiza chiwerengero ku kabokosi komangirira m'chiuno. Zipangizozi zidaonetsa kuti odula nzimbe ambiri amapitirira madigiri 38 ali pantchito.

Komabe chipangizo chimangoulula vuto, sichiziziritsa munthu. Kuyambira mu 2017, pa esiteti ya San Antonio ku Chichigalpa komweko adakhwimitsa ndondomeko ya madzi, kupuma ndi mthunzi. Amaimika matenti onyamulika pafupi ndi pamene akudula, amapereka madzi abwino, ndipo nthawi yopuma ndi yalamulo. Kafukufuku adapeza kuti odula ovulala impso adachepa.

Nkhaniyi ikukhudzanso chigawo chino, pakuti ku Nchalo, Dwangwa, Nakambala ndi Chiredzi nzimbe zimadulidwa ndi chikwanje, ndipo nyengo yodula imafika m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Zipangizozi n'zodula, koma sipafunika kuti aliyense avale. Antchito ochepa akayezedwa, alangizi atha kudziwa maola oopsa ndi kukonza nthawi yopumira gulu lonse.

Chofunika kuchiganizira kwambiri ndi malipiro. Munthu wolipidwa malinga ndi kuchuluka kwa nzimbe zimene wadula amaona kupuma ngati kutaya ndalama, choncho sangamvere chenjezo la lamba. N'chifukwa chake alangizi ayenera kukambirana ndi akapitawo ndi eni minda kuti wopuma pamthunzi asadulidwe malipiro.